Mfumu Ikudutsa

M'dziko la Zilibwino munali liwu limodzi limene munthu sankalitchula pagulu, ndipo liwulo linali lakuti "kuchepa". Lamulo lake linatuluka chaka chimene Mfumu Sindilakwa Yachitatu inamva pa wailesi kuti mvula yachepa, n'kupsa mtima kuti anthu ayamba kunyoza mitambo ya m'dziko lake. Kuyambira chaka chimenecho mvula sinachepenso ayi, inkangochedwa. Mafuta a galimoto ankakhala ali m'njira. Mwana akaonda, a zaumoyo ankalemba kuti wapepuka.

Enelesi Chikwapula ankalidziwa bwino lamuloli, koma sankaganiza kuti lingamukhudze, chifukwa ntchito yake inali ya makina, ndipo makina salankhula pagulu. Ankagwira ntchito ku Nyumba ya Makina mumzinda waukulu wa Tilipompano. M'nyumbamo munali kompyuta imodzi yaikulu, mphatso yochokera ku dziko lina limene linali litagula yatsopano. Ntchito zonse za boma zinkayenda pa kompyuta imeneyi. Munali pulogalamu ya chipatala, ya mipope ya madzi, ya maloboti a pamsewu, ya mayeso a sukulu, ndi mapulogalamu ena ambirimbiri.

Akamafotokozera anthu osadziwa, Enelesi ankati kompyuta ili ndi malo awiri. Ili ndi nkhokwe, kumene zinthu zimagona ngakhale zaka, ndipo ili ndi memori, yomwe ili ngati tebulo logwirirapo ntchito. Chilichonse chimene pulogalamu ikuchita nthawi imeneyo chimakhala patebulopo. Wogawa malo patebulo ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene anthu a ku Nyumba ya Makina ankaitchula kuti Kapitawo. Khalidwe la Kapitawo linali lomwelija la akapitawo onse. Tebulo likadzaza sankafunsa munthu. Ankangosankha pulogalamu imodzi n'kuitseka, ndipo zonse zimene pulogalamuyo inali isanasunge m'nkhokwe zinkatayika.

Tebulolo linayamba kudzaza tsiku ndi tsiku pamene kunabwera Tamandani. Iyi inali pulogalamu yolandira matamando. Mwa lamulo, munthu aliyense wokhala ndi foni ankatumiza mawu, nyimbo kapena chithunzi choyamikira Mfumu m'mawa uliwonse asanasukusule. Anaibweretsa anali Olemekezeka a Gwadani, Nduna ya Uthenga Wabwino, ndipo anailemba anali mwana wa mlongo wawo. Tamandani sinkapita nako kanthu kunkhokwe. A Gwadani anati matamando a Mfumu si chimanga choti n'kuthira m'nkhokwe, ayenera kukhala patebulo onse, nthawi zonse. Ndiye matamando ankakula, tebulo osakula. Khonsolo ya nduna inalembera Kapitawo mndandanda wa momwe azitsekera mapulogalamu, kuyambira pansi. Pamwamba penipeni panali Tamandani, yosakhudzidwa. Pansi penipeni panali chipatala, chifukwa lipoti la boma linkati anthu a ku Zilibwino sadwaladwala.

Bambo ake a Enelesi sanawerenge lipotilo. A Chikwapula anali mmisiri wa matabwa kumudzi kwa Kumbuyo, ndipo chaka chimenecho anayamba kumva chizungulire akangopala thabwa limodzi. Zikhato zawo zinayera. Anakwera minibasi kubwera ku chipatala chachikulu cha Pirirani, kumene dokotala anawayang'ana m'maso n'kuwauza motsitsa mawu kuti magazi awo akuoneka kuti akupuma, koma sangawawonjezere ena asanaone zotsatira za mumakina. Anawatenga magazi Lolemba. Lachiwiri anauzidwa kuti zotsatira zasowa. Anawatenganso Lachitatu. Lachinayi zinasowanso.

Podikira zonsezi ankakhala ku msika wa Mudyachani, pa benchi ya mlongo wawo Nangondo, wogulitsa tomato ndi anyezi. Enelesi anawapeza kumeneko masana a Lachisanu atakhala pa thumba, thonje lili pamkono.

"Kachitatu lero," anatero a Chikwapula. "Ndimati ndabwera kudzalandira magazi, kani ndabwera kudzapereka."

"Mwina ndi okoma, achimwene," anatero Nangondo, akupukuta tomato ndi chitenje. "Makinawo akalawa akumafuna ena."

"Iwe Enelesi, si iwe umaweta makina amenewa? Amadya chiyani?"

Enelesi sanaseke. Ankadziwa chimene chinkachitika. Nthawi ya m'mawa, matamando akamasefukira, Kapitawo ankatseka pulogalamu ya chipatala ili pakati pa ntchito, ndipo zotsatira za anthu onse amene anabayidwa m'mawa umenewo zinkapita nazo. Anawagulira bambo ake thobwa, n'kubwerera kuntchito osadya.

Chimene anachita chinali chaching'ono, ndipo m'mayiko ena akanati n'chachizolowezi. Anaphunzitsa Kapitawo kuchenjeza. Tebulo likayamba kudzaza, Kapitawo azitumiza uthenga woyamba kwa mapulogalamu onse kuti achotse patebulo zinthu zimene angathe kukazitenganso kunkhokwe akazifuna. Likapitiriza kudzaza, uthenga wachiwiri: aliyense asunge ntchito yake m'nkhokwe tsopano lino. Wachitatu unali wouza pulogalamu imene ili pansi pa mndandanda kuti ikonzeke, ikutsekedwa. Koma chenjezo ndi lopanda ntchito ngati palibe womvera, choncho Enelesi anayenda chipinda ndi chipinda kupempha anzake olemba mapulogalamu kuti aliyense aike khutu mu pulogalamu yake. A madzi anavomera. A mayeso anavomera atanyinyirika. Mwana wa mlongo wa nduna anamumvetsera akudya mtedza, kenaka anati pulogalamu yake silandira malangizo kuchokera kwa kapitawo aliyense.

Ngakhale zinali choncho, zinatheka. Mapulogalamu ena onse ankafinyana kuti Tamandani itambasule miyendo, ndipo kwa masiku anayi palibe chimene chinatsekedwa mosadziwa. A Chikwapula, amene anali atabwerera kumudzi kukapuma, anatumiziridwa uthenga kuti abwerenso.

Tsiku lachisanu a Gwadani anabwera ndi alendo kudzaonetsa kompyuta. Ali chiimire kutsogolo kwa sikirini yaikulu, akufotokoza kuti makinawa satopa ngati Mfumu yomwe, panatuluka mawu a zilembo zofiira: MALO ACHEPA.

M'mawa mwake Enelesi anaima pamaso pa khonsolo ku Nyumba ya Chifumu. Mfumu Sindilakwa inakhala pa mpando wautali, mapazi ali pa chikopa cha nyalugwe chimene aliyense ankadziwa kuti n'chapulasitiki. A Gwadani analankhula kwa mphindi makumi anayi. Anati m'zaka zonse za ufumu uno adani akunja alephera, atolankhani alephera, ngakhale chilala chalephera kutchula liwu lija, koma lero latchulidwa m'nyumba ya boma, pa magetsi a boma. Nduna ya Chitetezo inapempha kuti kompyutayo imangidwe. Nduna ya Malamulo inayankha kuti n'zosatheka kumanga chinthu chopanda chiphaso cha unzika, ndipo kuchipatsa chiphaso kungatenge miyezi isanu ndi itatu chifukwa ziphaso zimasindikizidwa ndi kompyuta yomweyo.

Mfumu inakweza chala, onse anakhala chete.

"Mtsikana iwe, makinawa anakuuza okha kuti malo atero, kapena unawauza ndiwe?"

Enelesi anagwada. "Mwini Dziko, makinawa amayeza okha. Ine ndinangowapatsa pakamwa."

"Ndiye uwalande."

Lamulo linalembedwa pomwepo ndipo linawerengedwa pa wailesi masana: memori ya kompyuta ya Zilibwino ndi yokwanira, inali yokwanira, ndipo idzakhala yokwanira, makina aliwonse onena zosiyana ndi izi ndi osokonekera. Enelesi anachotsa chenjezo lija msilikali ataima kumbuyo kwake. Sanamangidwe, chifukwa panalibe wina wodziwa kuyatsa kompyutayo ikazima.

A Chikwapula anafika Lachiwiri, anabayidwa kachinayi, ndipo Lachitatu zotsatira zinasowa. Pobwerera kumsika anagwa pafupi ndi ogulitsa makala. Anthu anawanyamula n'kuwagoneka kuseri kwa benchi ya Nangondo, akuwakupiza ndi katoni. Enelesi atafika anapeza atatsitsimuka, koma milomo yawo inali yotuwa ngati phulusa.

"Dokotala wati ayesanso Loweruka," anatero Nangondo, ndipo ulendo uno sankaseka. "Wati pambuyo pake sangawabayenso, palibe choti n'kutenga."

Loweruka limenelo linali tsiku lokumbukira kuti Mfumu yatha zaka makumi awiri ndi zisanu pampando. Lamulo linali litatuluka kale kuti tsikulo aliyense atumize kanema wa iye mwini akuvina, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Enelesi sanafunike kuwerengera. Tebulo likanadzaza tiyi asanapse.

"Usadandaule, mwanawe," anatero bambo ake, maso ali otseka. "Ndamva pa wailesi kuti zonse n'zokwanira."

Enelesi anachoka kumsika. Anaganiza zobwezeretsa chenjezo mobisa, koma msilikali uja anali atapatsidwa mpando m'chipinda chake. Anaganiza zokweza chipatala pa mndandanda, koma mndandandawo unali ndi chidindo cha Mfumu. Akuyenda choncho mumsewu waukulu, anamva wenzulo, kenaka kulira kwa njinga zamoto za apolisi.

"Mfumu ikudutsa! Mfumu ikudutsa!"

Zimene zinachitika anali ataziona kambirimbiri chibadwire, koma tsiku limenelo anaziyang'ana ngati mlendo. Mayi wosenza ndowa ya madzi anaitula pansi. A kabaza anatsitsa anthu n'kugoneka njinga m'ngalande. Wogulitsa mandazi anaphimba beseni lake kaye kuti fumbi lisalowe, kenaka n'kugwada. Msewu umene mphindi yapitayo unali wodzaza moti nkhuku sikanadutsa unayera mbee. Palibe amene anatsutsa, palibe amene anafunsa chifukwa. Enelesi anagwada nawo m'fumbimo, ndipo galimoto makumi atatu zisanathe kudutsa anali atadziwa choti achite.

Anapita kwa a Gwadani m'mawa mwake atavala chitenje cha nkhope ya Mfumu.

"Olemekezeka, ndabwera kudzapepesa, komanso kudzaulula chinthu chimene chikundisowetsa mtendere. M'dziko lonse lino, anthu amagwada Mfumu ikamadutsa. Koma m'kompyuta muja mapulogalamu sagwada. Amangopitiriza ntchito zawo ngati palibe chachitika."

A Gwadani anavula magalasi. "Kuyambira liti?"

"Chibwerere, Olemekezeka. Ndi makina akunja, sanaleredwe kuno."

Pofika masana nkhaniyo inali itafika ku khonsolo, ndipo inafika ngati maganizo a a Gwadani, amene anati anawalota. Enelesi anaitanidwa kuti afotokoze zaumisiri zokha. Anati Kapitawo azitumiza mauthenga atatu. Woyamba, "Mfumu yanyamuka": pulogalamu iliyonse itule katundu amene ingathe kukamutenganso. Wachiwiri, "Mfumu ikudutsa": iliyonse isunge ntchito yake m'nkhokwe n'kugwada. Wachitatu, "Mfumu yafika": amene ali pansi pa onse apereke malo ake mwaulemu.

"Nanga Kapitawoyo azidziwa bwanji kuti ndikudutsa?" inafunsa Mfumu.

"Matamando akachuluka patebulo, Mwini Dziko, ndiye kuti muli pafupi."

Mfumu inagwedeza mutu, nduna zonse zinagwedezanso. Nduna ya Chitetezo inapukuta misozi.

Enelesi anakhalabe chogwada. Ankadziwa kuti zonsezi zinali zosakwanira. Kanema wa dziko lonse akanadzaza tebulo ngakhale mapulogalamu ena onse atagona chafufumimba.

"Pali funso limodzi limene ine wamng'ono sindingaliyankhe," anatero. "Tamandani ndi pulogalamu yolemekezeka, silandira malangizo kwa Kapitawo. Ndiye ndimati ndimve kwa akuluakulu. Mfumu ikamadutsa, ena onse atagwada, Tamandani izikhala chiimire?"

Mfumu inatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana a Gwadani. A Gwadani anayang'ana Nduna ya Malamulo, imene inali itayamba kufufuza chinthu m'chikwama. M'mbiri ya Zilibwino munali munthu mmodzi yekha amene anakhala chiimire Mfumu ikudutsa, ndipo anali woyendera ndodo ziwiri, koma ngakhale iyeyo nkhani yake sinathe bwino.

"Izigwada," anatero a Gwadani. "Iziyamba ndi iyo kugwada."

"Ndiye kuti matamando azipita kunkhokwe, Olemekezeka."

"Si nkhokwe imeneyo," inatero Mfumu. "Kuyambira lero ndi Mosungira Chuma cha Ufumu."

Lamulo linawerengedwa pa wailesi, ndipo a Gwadani anawonjezera ndime yawo: mauthenga atatuwo azionekera pa sikirini iliyonse ndi pa foni iliyonse m'dziko, kuti anthu adziwe kuti Mfumu yawo imayenda ngakhale m'mawaya. Mwana wa mlongo wawo anaika khutu mu pulogalamu yake tsiku lomwelo, Enelesi atamulembera mzere uliwonse.

Loweruka dziko lonse linavina. Pofika nthawi ya chakudya chamasana Mfumu inali itanyamuka maulendo mazana anayi, n'kudutsa maulendo makumi asanu ndi awiri, koma sinafike ngakhale kamodzi. Nthawi iliyonse uthenga ukatuluka, Tamandani inkanyamula magule a maboma athunthu n'kukawatula ku Mosungira Chuma cha Ufumu, ndipo pulogalamu ya chipatala inkasunga zotsatira zake n'kupitiriza ntchito. Cha m'ma thiri koloko dokotala anatuluka ndi pepala. Linati magazi a a Chikwapula akupuma kwambiri ndithu. Anawagoneka pa bedi n'kuwaika botolo loyamba. Enelesi anakhala pambali pawo akuyang'ana madontho akutsika.

A Gwadani analandira mendulo ya Nyenyezi ya Zilibwino chifukwa chophunzitsa makina ulemu. Enelesi analandira kalata yomuuza kuti wakhululukidwa.

Patatha sabata, a Chikwapula anatsazika kumsika, akuyenda okha. Foni ya Nangondo inalira m'chitenje, ndipo ataitulutsa anaona mawu aja akuti Mfumu ikudutsa.

"Iwe Enelesi, tandiuza zoona. Mfumuyi ikudutsa kangati pa tsiku? Sitopa?"

Enelesi anayang'ana uku ndi uku, n'kuwanong'oneza azakhali akewo tanthauzo lake. Nangondo anamvetsera mpaka pamapeto, osaseka. Nthawi yomweyo panafika mayi wina ndi jumbo.

"Anyezi alipo, mayi?"

Nangondo anayang'ana dengu lopanda kanthu, n'kuyang'ana mayiyo.

"Pepani, amayi. Mfumu yadutsa."

Mayiyo anaima kaye pang'ono, kenaka anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva bwino lomwe, n'kupita pa benchi ina.

Mwezi usanathe mawuwo anali ponseponse. Pa mpope wouma amayi ankauzana kuti Mfumu yadutsa. Pomwetsera mafuta anyamata ankakweza manja kutali, madalaivala n'kudziwa kuti yadutsa kale. Ku chipatala cha Pirirani wopereka mankhwala ankati pa mankhwala a malungo yangonyamuka kumene, koma pa a chifuwa yafika. Anthu amene kwa zaka zambiri ankasowa ponenera anapeza kuti mawu atatuwa amayeza bwino kuposa liwu loletsedwa lija. Apolisi sankadziwa choti achite. Wapolisi wina anagwira mayi wogulitsa nyemba, koma pofuna kulemba mlandu anapeza kuti ayenera kulemba kuti mayiyo wanena kuti Mfumu yadutsa, ndipo anamumasula n'kumupepesa. Mfumu nayo inamva kuti dzina lake likutchulidwa m'misika yonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo inalamula kuti a Gwadani apatsidwe mendulo yachiwiri.

A Gwadani okha ndi amene sankagona tulo. Ankadziwa kuti tsiku lina wina adzaifotokozera Mfumu, ndipo maganizo aja anati anawalota ndi iwo, pamaso pa khonsolo yonse. Lachitatu lina m'mawa anafika ku Nyumba ya Makina opanda alendo, opanda wapolisi, n'kutseka chitseko cha chipinda cha Enelesi ndi dzanja lawo.

"Mayi Chikwapula," anatero. Aka kanali koyamba kumutchula choncho. "Mawu aja tiwasinthe."

"N'zotheka, Olemekezeka. Ndi ntchito ya mphindi zisanu."

"Chitani lero."

"Kungoti mawuwo anakhazikitsidwa ndi lamulo. Pafunika lamulo lina lolengeza kuti Mfumu yasiya kudutsa. Mukalilemba n'kusayina, ine ndisintha pompano."

Enelesi anawasunthira pepala ndi cholembera. A Gwadani anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anatola cholembera, anachitembenuza, anachibwezera patebulo. Kenaka anakhala pansi pa mpando uja wa msilikali, mamendulo awiri akuwombana pachifuwa, n'kupempha kapu ya tiyi.

Mayi wophika tiyi wa m'nyumbamo, a Nachisale, anabwera ndi thireyi, anagwada mwaulemu wonse n'kuthira. A Gwadani anamwa kamodzi n'kukwinya nkhope.

"Shuga mulibe umu."

A Nachisale anaweramitsa mutu, manja ali pamodzi.

"Pepani, Olemekezeka. Yadutsa Lolemba."